ULENDO WOKAONA MZINDA WAKALE WA ZOMBA

Mau awa anakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa za Ulimi, m'nthawi ya alimi ndi mafumu.

 Ndikhulupirira kuti ambiri mwatha kukolola ndipo cimanga ciri m'nkhokwe. Masabata apitawa takhala tirikukamba za kasungidwe ka mbeu ndi za anankafumbwe. Lero tisiye nkhokwe pang'ono, tiyende ulendo. Ndifuna kukusimbirani za mzinda wa Zomba, umene unali likuru la dziko lino kuyambira 1891 kufikira 1975, ndi zimene munthu wa khasu angakaone kumeneko.

Mwezi wa June, nchito itacepa kumunda, ndinatenga alimi 12 ndi nyakwawa 3 za m'dera limene ndigwiramo nchito, ku cigwa ca Nyanja ya Chilwa, ndi kupita nao ku Zomba. Tinasonkherana ndalama ya galimoto, ndipo amai anatiphikira mbatata ndi cinangwa ca kamba wa panjira. Ambiri a iwo anafikako kale kambirimbiri, koma ulendo wao unali wa kucipatala, wa ku bwalo la milandu kapena wa kumsika. Munthu afika, acita cimene wadzera, nathamangira basi dzuwa lisanapendeke. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakwerapo phiri lija, ngakhale aliona tsiku ndi tsiku ali pakhomo pao, ndipo madzi amene athirira mpunga wao acokera komweko. Ici ndico cinandicititsa kukonza ulendowu.

Zomba si mzinda waukuru ngati Blantyre kapena Lilongwe. Munthu wamphamvu angathe kuuzungulira wapansi tsiku limodzi. Uli patsinde pa phiri, nyumba zace zakale zabisala m'mitengo, ndipo m'malo ambiri mukaima mumva madzi alikuyenda m'timitsinje. Alendo a ku maiko akutali amataya ndalama zambiri kudzaona zimenezi. Ife eni ace tiyenera kuziona koposa iwo, pakuti njerwa za nyumbazo anaumba ndi makolo athu.

CIKUMBUTSO CA ASILIKARI

Tinayambira ku mapeto a mzinda, kumene kulowera mseu wocokera ku Blantyre. Pamenepo, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja yaitali ya njerwa zofiira, yokhala ndi koloko pamwamba. Inamangidwa pokumbukira asilikari a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo yaikuru ya 1914 mpaka 1918. Amuna tonse tinabvula zipewa. Ndinakumbutsa anzanga kuti pambali pa asilikari onyamula mfuti panalinso anthu a mtengatenga, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino, amene anasenza ufa, zipolopolo ndi mahema pamutu kunka ku Karonga, ku Mozambique ndi ku dziko limene tsopano ticha Tanzania. Ambiri anagwidwa mokakamiza kupyolera mwa mafumu, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi kamwazi. Kumudzi minda inatsala ndi akazi ndi nkhalamba, zokolola zinacepa, ndipo pa kutha kwa nkhondo kunagwanso mliri wa cimfine wa 1918. Mukaima pa nsanja imeneyi muwakumbukire naonso, pakuti ambiri a iwo anali alimi monga inu.

Cenjezo limodzi: pafupi ndi malo a asilikari musajambule zithunzi ndi mafoni anu musanapemphe. Safunsa anadya phula.

NYUMBA YA NSONGA ZIWIRI

Kucokera apo tinakwera kumtunda kwa mzinda kukaona nyumba imodzi mwa nyumba zakale koposa za njerwa m'dziko muno. Anayamba kuimanga mu 1886 kuti ikhale ya Kazembe wa Angerezi, Bwana Hawes, ndipo iri ndi nsanja ziwiri za denga losongoka, ina mbali iyi ina mbali iyo. Pambuyo pace munakhala Harry Johnston, amene mu 1891 anaika Boma lace pa Zomba. M'zaka zotsatira inasanduka nyumba yogona alendo, ndipo anthu aidziwa ndi dzina lakuti Masongola.

Cimene cinakondweretsa alimi anzanga ndi mbiri ya mwini nchito yomanga nyumbayi. Dzina lace ndi John Buchanan, ndipo anali mlimi wa ku Scotland amene anabwera ndi a Mishoni ya Blantyre mu 1876 kudzayang'anira madimba ao. Atasiyana ndi Mishoni mu 1881 anakuza minda yace m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, nabzala khofi, nzimbe ndi fodya. Anakonda malowa cifukwa ca zinthu zomwezo zimene inu muyang'ana posankha dimba, ndizo madzi osaphwa m'cilimwe ndi nthaka yakuya ya patsinde pa phiri. Cotero pa Zomba munda ndiwo unayamba, maofesi anadza pambuyo.

Koma malowo sanali opanda eni. Kunali midzi ya Anyanja ndi Ayao. M'zaka zimenezo malo akuru a m'Cigawo ca Kumwera anacoka m'manja mwa mafumu posinthana ndi nsaru, mikanda ndi mfuti zowerengeka, ndipo ana a eni malo anasanduka anthu a thangata pa nthaka ya makolo ao. Inu mafumu a lero, amene anthu a ndalama amakufikani kudzapempha malo, nkhani imeneyi muisunge.

Khofi uja poyamba anabala bwino, ndipo pofika 1900 ndiye anali mbeu yoyamba mwa zogulitsa kunja kwa dziko lino. Azungu ambiri anathamangira kubzala khofi yekhayekha. Sipanapite zaka zambiri, nthaka inatopa, mbozi zoboola mitengo ndi matenda zinalowa, mvula inabvuta, ndipo mtengo unagwa cifukwa ca khofi wocuruka wa ku Brazil. Minda yambiri inasiyidwa, ena nasamukira ku thonje, fodya ndi tiyi. Mlimi wina wa m'gulu lathu, amene caka catha anabzala mbeu imodzi munda wonse nakapeza mtengo utagwa pamsika, anaseka nati, "Kani naonso Azungu zinawaonekera."

MUNDA WA MITENGO

Pafupi pomwepo pali munda wa Boma wa mitengo ndi maluwa, umene Mulunguzi apita pakati pace. Unayambidwa m'masiku a Johnston ndi katswiri wa zomera, Alexander Whyte, kuti aziyesamo mbeu ndi mitengo yocokera ku maiko ena, aone imene ingalole nthaka yathu. Nchito yotere ndiyo imene lero icitika pa Makoka, pa Bvumbwe ndi pa Chitedze. Polowa pamakhala kandalama kolipira, cotero musafike cimanjamanja.

M'mundamo ndi m'mbali mwa miseu yakale ya mzinda muli mitengo ya mbawa imene amuna awiri sangaikumbatire atagwirana manja. Amene anaibzala anafa kalekale, ndipo ambiri sanakhale pa mthunzi wace. Ndinapempha alimi kuti akankhe masamba ouma pansi pa mtengo umodzi ndi kukumba ndi zala. Dothi lace linali lakuda, lofewa ndi lacinyontho, ngakhale mvula inaleka mu April. Kenaka tinatsikira kumtsinje. Madzi anali oyera mbee, miyala ya pansi irikuoneka, ozizira ngati a mu mtsuko watsopano. Ndinawafunsa kuti, "Kodi madzi awa muwadziwa?" Iwo anati iai. Ndinati, "Ndi omwe aja muthirira mpunga. Mulunguzi athira mu Likangala, ndipo Likangala athira m'Chilwa." Mai wina anati, "Nanga bwanji kwathu m'dzinja afika ofiira ngati thobwa, ndipo pofika October atsala pang'ono?" Ndinati yankho tikalipeza pamwamba pa phiri.

NYUMBA ZA MALAMULO

Tisanakwere phiri tinayamba tazungulira nyumba za Boma lakale. Nyumba ya Bwanamkubwa, imene tsopano iri imodzi mwa nyumba za Mtsogoleri wa dziko, muiona muli kunja kwa mpanda, kulowa nkosaloledwa. Pali kalabu ya Gymkhana ndi bwalo lace la gofu, kumene m'masiku a Azungu makolo athu analowa monga ophika ndi onyamula ndodo basi. Palinso maofesi akale a makhonde atali, ndi Nyumba ya Malamulo yakale.

Bungwe lopanga malamulo linayamba kukumana pa Zomba mu 1908, lopanda munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Wotilankhulira anali Mzungu wa Mishoni. Anthu akuda oyamba analowamo mu 1949, ndipo mu 1956 munalowa asanu osankhidwa, mwa iwo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume. Ufulu utabwera mu 1964 aphungu anapitiriza kukumana pa Zomba kufikira 1994, ngakhale likuru linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Maofesi oyamba anapsya ndi moto mu 1919, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba anathera pomwepo. Otsala ndi a pambuyo pace asungidwa ku National Archives, momwemo mu Zomba. Mfumu yofuna kudziwa zimene ma D.C. akale analemba za dera lace ingathe kukapempha kumeneko.

Tiri pakhonde la maofesi aja, mkuru wina wa m'gulu lathu, nyakwawa ya zaka pafupifupi 80, anandikoka dzanja. Anati, "Alangizi, kodi malamulo a malimidwe aja analembedwa muno?" Ndinati, "Inde mfumu, anacokera muno." Anakhala cete nthawi, kenaka anati, "Atate anga anagona m'ndende cifukwa ca mizere. Ine ndinali kamwana, ndinaona kapitao alikuzula cimanga cathu."

Acinyamata ambiri nkhani imeneyi saidziwa. Kuyambira 1946, makamaka itatha njala ya 1949, m'masiku a Bwanamkubwa Colby, Boma linalamula kuti mlimi ali yense aleke matutu, alime mizere yopingasa, akumbe milambala, asalime m'mphepete mwa mitsinje, ndiponso azule mapesi a thonje ndi fodya pa tsiku loikika. Okana analipitsidwa, ena anamangidwa. Nyakwawa zinali pakati, zikakana Boma ufumu uli pa ngozi, zikabvomera anthu ao azida. Zambiri mwa zimene malamulowo ananena zinali zoona, pakuti nthaka inali kukokoloka ndithu. Koma popeza zinadza ndi faindi ndi unyolo, anthu anada mizere pamodzi ndi amene anaibweretsa, ndipo cidani cimeneci cinasonkhezera moto wa ndale wa m'zaka zimenezo. Cikakamizo cinatha Dr. Banda atakhala Nduna yoyang'anira za nthaka ndi ulimi mu 1961. M'midzi yambiri anthu anaileka milambala ija, ena anaigumula.

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Ine ndi mfumu imeneyi takhala zaka ziwiri osamvana. Anthu ao alima kufikira m'mphepete mweni-mweni mwa mtsinje, ndipo ine pa misonkhano ndinali kulankhula mwaukali ndi kuwaopsya ndi malamulo. Iwo anali kungoyang'ana pansi, ine nkumayesa ndi mwano. Tsiku limenelo ndipo ndinadziwa kuti ndikamalankhula iwo anali kumva mau a kapitao uja anazula cimanga ca atate ao. Ndinapepesa pamaso pa onse, ndipo iwo anati, "Zatha mwana wanga, tiyeni tikwere phiri."

PAMWAMBA PA PHIRI

Mseu wokwera phiri ngwokhotakhota, ndipo mbali ina kuli phompho, cotero galimoto likhale la mabuleki abwino. Oyenda pansi ali ndi njira yacidule koma yotsetsereka, imene Azungu anaicha Potato Path cifukwa ndimo munali kutsikira alimi osenza mbatata ya kacewere kunka nayo kumsika. M'mbali mwa mseu anyamata agulitsa mabulosi, sitiroberi ndi magalagadeya, zipatso zokonda malo ozizira. Nsonga ya phiri iposa mamita 2,000 kutalika kwace, ndipo mwezi wa June kukagwa ciperoni kuzizira kwace nkolasa m'mafupa. Awiri a ife amene anakana kutenga majuzi anabwereka zitenje za amai, anzao nkumawaseka.

Pokwera tinakumana ndi amai osenza mitolo ya nkhuni ndi amuna okankha njinga zodzaza mitengo. Sitinawanyoze, pakuti tidziwa kuti alikufuna cakudya ca ana. Koma tinawerenga, ndipo pofika pamwamba cala cinatopa.

Pamwamba pali damu la Mulunguzi, limene linatha kumangidwa ca m'ma 2000. Madzi a m'mipope ya mzinda wa Zomba acokera m'menemo, ndipo atsika okha popeza damu liri kumwamba. Phiri limeneli Boma linaliika kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1913, ndipo pambuyo pace anabzalapo mitengo ya paini, imene mbeu yace inacokera ku Mexico, kuti dziko likhale ndi matabwa. M'makwawa ndi m'mbali mwa mathithi, monga a Williams ndi a Mandala, mudakali mitengo yacilengedwe.

Apa ndipo ndinayankha funso la mai uja. Phiri la mitengo liri ngati cinkhupule. Mvula ikagwa iyamba yagunda masamba, mphamvu yace nkucepa. Ikafika pansi ipeza zinyalala za masamba zimene ziigwira, ndipo ilowa m'nthaka potsata mizu. Madzi amenewo aturuka pang'onopang'ono mu akasupe miyezi yonse ya cilimwe, ali oyera. Koma mvula yomweyo ikagwa pa mtunda wopanda mitengo, wochedwa ndi moto, kapena pa munda wa mizere yotsetsereka, siilowa pansi. Ithamanga tsiku lomwelo itanyamula dothi la pamwamba, limene ndilo la conde. Kufiira kuja muona mu mtsinje m'dzinja ndi munda wa munthu wina ulikupita ku nyanja, ndipo madzi amene anathawa mu January ndi omwe muwasowa mu October.

Ndipo pa phiri pomwepo tinaona malo ambiri ameta mpala, zitsa zokhazokha zakuda ndi moto. Kudula paini wokhwima si kulakwa, pakuti anabzalidwira comweco monga cimanga cibzalidwira kukolola. Kulakwa ndi kudula osabzalanso, kudula mitengo ya m'makwawa, ndi moto wa osaka mbewa umene upha mbande zonse za caka cimeneco.

Kumbali ya kumadzulo kuli dzenje lochuka la Chingwe's Hole, limene akuru asimba kuti kale anali kuponyamo anthu, ndipo pafupi pace muona cigwa ca Shire. Ife sitinafikeko cifukwa dzuwa linatithera. Tinapita ku malo awiri oonerapo dziko, Queen's View, pamene anaima amai ace a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View, pamene anaima Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965. Kumwamba kunali kutayera. Mzinda unali pansi pa mapazi athu, phiri la Mulanje patali, ndi Nyanja ya Chilwa irikunyezimira pamodzi ndi cisumbu ca Chisi.

Anzanga anayamba kulozerana kumene kuli midzi yao. Cigwa conse cinali cofiirira, minda kugundana ndi minda, koma apa ndi apo panali timadontho ta mitengo yobiriwira. Mnyamata wina anafunsa kuti timeneto ndi ciani. Amene anayankha ndi mfumu yokalamba ija. Anati, "Tija ndi manda. Ine ndiri mwana cigwa consecijacinali ngati pamanda paja. Lero a mthunzi ndi akufa okha."

Mafumu ndi nyakwawa, ndikupemphani mulingalire mau amenewa. Mitengo ya kumanda ilibe mlonda wa Boma, ilibe waya, ilibe faindi yolembedwa pa Zomba kapena ku Lilongwe. Koma munthu ngakhale asowe nkhuni cotani salowamo ndi nkhwangwa popanda cilolezo canu. Cimene caisunga ndi mwambo ndi mau a mfumu. Malamulo aja analembedwa m'nyumba za njerwa analephera kusunga milambala ngakhale anali ndi apolisi ndi ndende, koma mau anu asunga nkhalango za kumanda kuyambira makolo. Mphamvu imeneyo mudakali nayo.

Za Chilwa muzidziwa kuposa ine. Nyanja imeneyi iribe mtsinje woturuka, ndipo njosaya. Inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yace yaikuru inasanduka thope louma, mabwato ali gone pamtunda. Coyambitsa cacikuru ndi kucepa kwa mvula zaka zotsatana, ndipo ico sitingaciletse. Koma dothi lotsika m'minda mwathu liikwirira caka ndi caka, ndipo mitsinje yophwa msanga siithandiza kupirira cilala. Mbali imeneyo njathu.

NAPOLO

Potsika ndinakamba nao za Napolo wa mu December 1946, amene akuru a ku Zomba amkumbukirabe. Mvula ya mainchesi pafupifupi 28 inagwa m'masiku osakwana awiri. Mbali zina za phiri zinagumuka, matope ndi miyala yaikuru zinatsika m'makwawa, milatho ya mu mzinda inakokoloka, nyumba za m'midzi ya patsinde zinakwiririka, ndipo anthu anafa. Zotere zinacitikanso ku Phalombe mu 1991, ndiponso mu March 2023 pa namondwe wa Freddy, pamene ku Soche, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe mapiri anagumukira anthu, ndipo akufa ndi osowa m'dziko muno anaposa 1,000.

Sindikunamizani kuti mitengo iletsa mvula yotere, pakuti mu 1946 phiri linali ndi mitengo yambiri kuposa lero. Mitengo icepetsa ngozi pa mvula ya zaka zonse, koma pa mvula ya Napolo copulumutsa ndi malo amene nyumba yamangidwa. Mukaona khwawa louma lodzala miyala yaikuru yobulungira, dziwani kuti miyalayo inabwera ndi madzi, ndipo madzi saiwala khwawa. Inu amene mugawa malo, musapatse munthu pomanga pa njira yotere, ngakhale akudandaulireni cotani.

KUMSIKA

Tinatsiriza ulendo ndi msika waukuru, pafupi ndi mzikiti ndi masitolo akale a Amwenye. Ndinawapempha kuti asathamangire kugula, ayambe azungulira ndi kufunsa kumene cinthu ciri conse cacokera. Mpunga unali wa ku masikimu a Likangala ndi Domasi. Matemba ndi milamba zinali za ku Chilwa. Kacewere, kabici ndi zipatso zinali za m'phiri ndi m'madimba a patsinde pace. Zonsezi ndi ana a madzi amodzi. Panja tinaonanso matumba a makala, ndipo palibe amene anafunsa kumene acokera, pakuti tinali titaona zitsa ndi maso athu.

ZOTI TICITE

Coyamba, pitani mukaone nokha. Nthawi yabwino ndi June kufikira August, mutakolola ndiponso utsi wa moto wa m'chire usanaphimbe dziko. Sonkheranani monga kalabu kapena mudzi, nyamukani mbandakuca, tengani zobvala zofunda ndi kamba, ndipo musasiye ana a sukulu. Pa phiri pali anyamata odziwa njira amene atsogolera alendo, mugwirizane nao mtengo musananyamuke. Musasonkhe moto m'nkhalango. Amene muli kutali ndi Zomba, kwerani phiri liri lonse la kwanu muone mudzi wanu muli pamwamba.

Caciwiri, siyani mphepete mwa mtsinje osalima, mayadi 10 kapena kuposa monga mwa kukula kwa mtsinjewo. Bzalanimo mbawa, mkuyu, katope, nsungwi ndi bango. Bulugamu musamuike pa kasupe, pakuti amwa madzi kwambiri.

Cacitatu, mudzi uli wonse ukhale ndi nkhalango yace. Nkhalango za midzi zoyang'aniridwa ndi nyakwawa zinayamba mu 1926, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 lilola mudzi kusankha komiti yace ndi kupanga malamulo ace. Pamene pali zitsa zamoyo simusowa kugula mbande, ingoletsani moto ndi mbuzi, zitsazo ziphuka zokha. Lambulani njira yochinga moto udzu usanaumitse.

Cacinai, m'munda wotsetsereka ikani akalozera, mubzalemo udzu wa vetiva, mupange ngonyeka pakati pa mizere, ndipo mapesi muwakwirire m'malo mowaocha. Nazale muyambe mu August kapena September kuti mbande zikhale zokonzeka pa nyengo yobzala mitengo, imene iyamba pa 15 December ndi kutha pa 15 April.

Mwina mufuna kudziwa za mfumu ija. Patapita sabata imodzi anaitana anthu ao, ndipo ine anandiuza kuti ndikhale pambuyo ndisalankhule. Anasimba zimene anaona pa phiri, nanena kuti kuyambira pa mkuyu waukuru kufikira pa mlatho, mphepete mwa mtsinje mukhale ngati kumanda, osalowamo khasu kapena nkhwangwa. Si onse anakondwa. Mabanja anai amene madimba ao ali momwemo anafunsa kumene adzapeza ndiwo za cilimwe, ndipo funso lao nlacilungamo. Mfumu ndi nduna zao alikufuna malo ena owapatsa, ndipo ife tirikuyesa ngati citsime cosaya cingawathandize kuthirira kumtunda. Nkhaniyo siinathe, koma irikukambidwa pa bwalo la mudzi ndi eni ace, ndipo mayadi ayesedwa kale ndi cingwe.

Sabata ya mawa, nthawi yomwe ino, tidzakamba za kakonzedwe ka nazale ndi kusankha njere za mbawa. Amene muli ndi mafunso kawafunseni alangizi a kwanu.